Loko wa Pachitseko cha a Saini

Chisankho cha Nyumba Yapamwamba ya Malamulo ya ku Delhi chikayandikira, zipani kwathu kuno zimatsekera aphungu awo m'mahotela ngati mbuzi, kuopa kuti adani angawagule, poti ovota ndi iwowo, osati ife amphawi. M'mawa wa tsiku lovota, a Dhanpat Saini, phungu wa Chipani cha Chidebe, anapeza chitseko chawo chili chokhoma ndi loko, kunja kutakhala Mangtu, mlonda amene Mulungu anam'patsa minofu n'kuiwala zinazo.

"Iwe Mangtu, tsegula! Basi yopita kovota ikulira panjapo."

"Si kulira kokha, Sahib. Yanyamuka."

"Popanda ine?"

"Anthu akwanamo bwinobwino. Mukanangowapanikiza."

A Saini anamenya chitseko ndi chikhatho.

"Mayi Poonia, amene chipani chathu chawaimika, akuperewera voti imodzi yokha! Voti imeneyo ndine!"

"N'chifukwa chake ndikukusungani bwino, Sahib. Chinthu chikakhala chimodzi sayenda nacho pamsewu."

"Wakutuma ndani?"

"A Rathi, mkulu wa aphungu athu. Anati ndisatsegule mpaka atanena okha."

"A Rathi ndi m'bale wanga, timadyera mbale imodzi!"

"Zikuoneka. Loko akusankhirani wamkuwa."

"Kodi ukundidziwa ine?"

"Kwambiri. Ndinu munatiphunzitsa ntchitoyi tsiku lofika. Munati phungu akalira, osatsegula. Akati mayi ake amwalira, osatsegula. Mafoni onse landani. Munatinso, ngakhale ndine, osatsegula."

"Kumene kuja kunali kukometsa mawu chabe!"

"Anakomadi, Sahib. Tinaomba m'manja."

Kenaka m'chipindamo wailesi yakanema inayamba kulankhula, a Saini n'kukuwa ngati aponda moto.

"Mayo ine! Mangtu, a Rathi awa! Avala nkhata ya maluwa ya Chipani cha Chipewa, adani akuwadyetsa maswiti ndi manja! Atigulitsa!"

"Maluwa amawakhala bwino bwana aja."

"Achoka m'chipani, chitsiru iwe! Lamulo lawo latha ntchito!"

Mangtu anakanda ndevu, kuganiza mozama monga mwa mphamvu zake.

"Sananene kuti mpaka atachoka. Anati mpaka atanena."

"Tamvera! Ndikapanda kuvota, adzati wagulidwa ndine. Ine amene ndinagonapo m'ndende chifukwa cha Chidebe! Kwathu akandipaka mwaye kumaso, n'kundiveka nsapato m'khosi!"

"Muno sangakufikeni, Sahib. Ndilipo."

"Ndidumpha pawindo!"

"Pansipo pali dziwe losambiramo, koma madzi anachotsa. Nalonso linali ganizo lanu."

Apa a Saini anatsitsa mawu, nawaviika mu uchi. Ndithudi mwamuna wamkulu, wa ndevu zake za pamlomo, kumanyengerera kudzera pabowo la kiyi! Ine mpaka chisoni.

"Mangtu, mwana wanga, njinga yamoto umaikonda? Nanga njati yoweta, ya mkaka? Mlamu wako ndim'pezera ntchito m'boma."

Mangtu anadzambatuka, maso ali gwa.

"Ha! Zija munkanena zija! Munati woyamba kutchula mphatso, ameneyo wadya kale za adani."

"Ndimanena anthu ena!"

"Munali ndi maso, Sahib. Pomwe paja munali mutadzionera kale."

Anakoka sofa ya pakhonde n'kuigunditsa kuchitseko, iye n'kukhalapo.

"Tiyi ndikuitanireni? Ndilowetsa pansi pa chitseko, m'sosala."

Chimene a Saini anayankha sindingabwereze, pali ana. Anatukwana mpaka mawu anasasa, dzuwa n'kupendeka. Kenaka foni ya Mangtu inalira, iye n'kuima njo ngati msilikali.

"Inde bwana. Ali bwino bwana. Sanatuluke, bwana."

Anakankha sofa, loko n'kuti kwatsu. A Saini anatuluka nduwira ili pambali.

"Kuvota kwatha, Sahib. Mayi Poonia agwa ndi voti imodzi. A Rathi akuti akuthokoza kwambiri."

"Akuthokoza chiyani? Ine sindinadzigulitse! Palibe angandigule ine!"

"Akunenanso zomwezo, Sahib. Akuti ena onse anali odula, wina galimoto, wina munda. Inu nokha, munthu wokhulupirika, akugulani ndi loko mmodzi basi." Mangtu anapukuta lokoyo ndi malaya n'kumuika m'thumba. "Ndipo akuti ndikawabwezere."