Zithunzi za ku Roma zopanda mwiniwake

Moni omvera anzanga. Ine ndimakhala ku Wheaton, kuno ku Amereka, ndipo ndimagwira ntchito yosamalira okalamba. Chaka chatha ndinapita ku Roma ndekhandekha, mnzanga amene ndinapangana naye za ulendowu atasintha maganizo. Poti m'thumba munali mopepuka, ndinkadya buledi wouma n'kumayenda wapansi mpaka mapazi kutupa. Ndinajambula matchalitchi ndi mabwinja akalekale, koma ndinkachita manyazi kupempha munthu wosamudziwa kuti andijambule.

Nditabwerako ndinatsukitsa filimu n'kukaonetsa anzanga kutchalitchi. Mayi ena achikulire a ku Lusaka anayang'ana zithunzi zonse, kenaka anati, "Zokongola ndithu, mwananga. Nanga iwe uli pati?"

Ndinaseka nawo, koma misozi ndinakagwetsera m'basi. Inu opita kutali nokha, ngakhale chilankhulo chikuvuteni, mpatseni munthu kamerayo.