Amene Anagwira Chipanda cha Jebiwott

Pasiteji ya maminibasi otchedwa matatu ku Kapsabet, mayi wina anatembenukira bambo wachipewa chofiira amene anaima pambuyo pake.

"Munamuona Jebiwott pa TV, atabwera ndi golide wa mpikisano wothamanga uja?"

"Mwana wathu ameneyo, mayi."

"Wathu? Abambo ake aang'ono anamutenthera nsapato zothamangira, ati mtsikana woonetsa ntchafu pagulu sakwatiwa. Dzulo omwewo ndi amene anali patsogolo kubwalo la ndege, kumumwetsa chambiko cha mursik m'chipanda, mano onse pamtunda! Chonsecho mng'ono wake wa Jebiwott akumuletsabe kuthamanga. Manyazi alibe!"

"Tsitsani mawu, mayi. Amene mukuwanenawo ndine."

"Chipewacho ndachizindikira kalekale, bambo. Mukuyesa ndikukwezeranji mawu?"