Manambala Amene Munkati Ndi a Satana

Abusa, akulu ampingo, amayi ndi abambo, ndakulonjerani m'dzina la Yesu. Aleluya! Ameni ameneyo ndi wa anthu osadya. Aleluya!

Ndikufuna kuchitira umboni, ndipo ena saukonda. Pepani abusa, lero sindizungulira.

Ndine mayi ake a Tiyamike, wa kashopu koikira anthu nyimbo m'mafoni pa Lirangwe. Kompyuta ya m'shopumo anandisiyira malemu amuna anga, aja ankatsogolera kwaya muno. Asanakagone kuchipatala, anajambula mawu awo pafoni akumuimbira mwana wathu kuti agone. Ndinawasunga mu kompyuta, foni n'kugulitsa pamaliro. Ndiye kasitomala wina anabwera ndi fulashi yake ya mavairasi, fayilo ya mawu aja n'kufa. Ukaidina, zii! Mwana n'kumandifunsa, "Amama, adadi aimba liti?" Ndinalira, abale, ndinalira.

Koma malemu anandiphunzitsa kuti fayilo ili ngati munthu, ili ndi mutu. Mutu ukavulala, thupi limakhala lilipobe. Umaitsegula mu pulogalamu yolembera, n'kuiuza kuti ionetse za m'kati. Zimatuluka timanambala ndi tizilembo, tiwiritiwiri, m'mizere ngati chimanga. Ndinatsegula fayilo yakufayo, pambali pake ina yamoyo imene ndinasunganso kuchokera m'foni yomwe ija. Yamoyoyo mutu unali bwinobwino, yangayo maziro okhaokha. Ntchito inali yokopera mutuwo, kanambala ndi kanambala. Ukaphonya kamodzi, zii!

Ndili pantchito imeneyo, atulukira alamu anga a ku Chileka, akulu awo a malemu. Munthu amene pamaliro ankaiyeza kompyuta ndi maso bokosi lisanatuluke m'nyumba. Anasuzumira.

"Mlamu, zimenezi ndiye chiyani?"

Ndinawafotokozera mwaulemu. Iwo anangoona masikisi awiri atagundizana. Awiri, abale! Wachitatuyo anamuwonjezera okha ali pa kabaza. Pofika pamsika nkhani inali itapsa: akuti ndimalemba manambala a chilombo, akuti ndinapereka mwamuna wanga kwa Satana kuti shopu iyende. Ine! Ine amene ndinkawasambitsa munthuyo, alamuwo osabwera ndi nthochi yomwe!

Alamu ndi alamu, njala yawo inali ya kompyuta. Koma inu? Amayi anzanga, tinkadyera mbale imodzi, ndikakhala pa benchi munkasendera uko ngati ndili ndi mphere. Ana anu munawaletsa kusewera ndi Tiyamike. Musayang'ane pansi, pansipo palibe vesi. Zinandiwawa, ndipo mpaka lero mtima sunaphwe. Amene ankandipatsa moni ndi Che Asiyatu okha, Msilamu wogulitsa zitenje pafupi nane. Ankati, "Amwali, malizani ntchito yanuyo, pakamwa pa anthu sipatsekeka." Msilamu, abale! Inu a Baibulo muli kuti?

Tsiku la msika alamu anabwera ndi gulu, akuti atenge kompyuta akaipempherere kwawo ku Chileka. Kuipempherera! Nkhuku ikapita kwa fisi kukapemphereredwa imabwerako? Ndinali nditayesa kangapo, fayilo ikukanabe. Anthu ali pakhomo wo-wo-wo, alamu dzanja lili pa waya wamagetsi. Ndinati, "Yehova, Inu ndinu mwamuna wa akazi amasiye, nditsegulireni maso." Kuyang'ananso, pamene pamafunika B ndinali nditalemba eyiti. Ndinakonza, ndinaseva, ndinadina.

Sipika inalankhula! Inalankhula, abale! Mawu a malemu, kutsokomola kwawo komwe kuja, akuimba. Kenako akuti, "Tiya, gona mwanawe, adadi ali pompano."

Alamu anausiya waya uja, anavula chipewa, anakhala pansi pafumbi n'kuyamba kuitana dzina la mng'ono wawo. Sanapepese, ndipo sanabwerenso. Kuwakhululukira ndikuyesetsa, abusa, koma mundipempherere, chifukwa sindinafikepo.

Satana amaimbira mwana kuti agone? Ndayankheni! Amaimbira?

Ndikuthokoza Mulungu amene anasambitsa dzina langa pamsika, masana dzuwa likuswa mtengo. Tiyamike tsopano amagona adadi ake akumuimbira. Imirirani, kondwerani nane, lululutani! Ngakhale inu munkasendera aja, lululutani. Ndikatsika pano ndikubwera kudzakhala pa benchi yomwe ija, tione amene asendere. Aleluya!