Anationa Tikukankha

Pamzere wa m'sitolo ya zipangizo za galimoto, mayi wina atanyamula pampu yakutha m'jumbo ankangotsonya. Bambo wovala ovolosi amene anali kumbuyo kwake anamufunsa chimene chavuta.

"Ndi amuna anga, bambo. Anagulitsa galimoto yathu yakale n'kugula yonyezimira, ati tikafike nayo kwa apongozi patchuthi, anthu akatione."

"Ndiye anakuonani?"

"Anationa tikukankha! Ine nsapato m'manja, ana akulira, utsi uli tolotolo."

"Pepani, mayi. Nyengo ino ogulitsa amangopaka penti, injini osaigwira n'komwe. Kodi yakaleyo inkavuta?"

"Kuvuta chiyani? Inkangotsokomola m'mawa basi. Oyilo ndinkathira ndekha, ikalira ndinkadziwa pamene pakuwawa. Ndi imene inkandinyamulira katundu wa geni yanga. Lero ndikusenza pamutu ngati sindinakhalepo ndi galimoto."

"Nanga eni akewo ali kuti, poti pamzere pano mwaima ndinu?"

"Ali kunyumba, akuitsuka."

"Akutsuka galimoto yosayenda?"

"Ndi sopo wanga wochapira! Ati anthu odutsa asadziwe kuti inafa."