Miyala Yopita Kuntchito

Pa siteji ya basi m'mawa, mzere unali wautali. Bambo wina anathandiza mayi wa kutsogolo kwake kutula chikwama, n'kudabwa kulemera kwake.

"Iii mayi, mwalongedzamo miyala kapena?"

"Miyala kumene, achimwene. Ikupita kuntchito."

"Ndinu omanga nyumba?"

"Ndine telala. Timasoka tili anthu asanu ndi atatu m'chipinda chimodzi, mawindo otseka. Abwana amati mphepo imauluza mapepala odulira nsalu."

"Nanga mumapuma chiyani?"

"Zotsala za anzathu! Mmodzi akangoyetsemula Lolemba, pofika Lachinayi mphuno zonse zili chuchuchu. Pano asanu agona. Diresi la ukwati likufunika Loweruka, ndiye chimfinechi chikandigwira inenso, mkwatibwi akalowa m'tchalitchi atafunda katani."

"Ndiye miyalayi mukaswere mawindo?"

"Inunso! Ndi yopsinjira mapepala. Pepala lililonse mwala wake, mawindo n'kutsegula, mphepo izidutsa mmene ikufunira."

"Koma abwanawo avomera?"

"Sindinawafunse. Dzana anabwera kudzatikalipira kuti tikuchedwa, anakhala m'chipindamo mpaka masana."

"Kenako?"

"Lero ali m'bulangete, mawu sakutuluka. Makiyi atumiza kwa ine."