Dzina Lomaliza mu Foni ya Mayi Ida Harawa

Abale, akuluakulu a mpingo ndi nonse olira, yewo chomene. Ndine Amock Chimutu wa ku Ntcheu, mnzawo wa kuntchito. Ndiwerenga m'Chichewa, poti Chitumbuka changa malemuwa ankachiseka mpaka misozi.

Tikuperekeza Mayi Ida Harawa, a NyaKumwenda, amene anabadwa mu 1976 konkuno ku Hewe. Pulayimale anaphunzira kuno, sekondale ku Rumphi, ndipo zauphunzitsi ndi zamakompyuta anakaziphunzira ku Khondowe. Mu 2001 anamanga banja ndi Bambo Greyson Harawa.

Mu 2018 analowa ntchito ku bungwe lathu, lophunzitsa azaumoyo a m'midzi kudzera pa intaneti. Udindo wawo unali kuika malamulo a mmene makina azilembera pomwe wophunzira wafika. Masiku amenewo makina ankalemba munthu pokhapokha atamaliza phunziro lonse foni ili pa netiweki. Netiweki ya kuno mukuidziwa nokha. Mtsikana wina wa konkuno, Pamela Nyirenda, anaphunzira miyezi inayi, makina n'kuonetsa kuti sanayambe n'komwe. Kalata yomuchotsa anasayina ndi Mayi Harawa, pokhulupirira makinawo. Pamene choonadi chimadziwika, n'kuti Pamela atasamuka, osadziwika kolowera.

Nkhaniyi inawadya mumtima zaka zonse. Ankati akatsegula kompyuta, dzina lija limawayang'ana. Ndiye analemba lamulo latsopano: sitepe iliyonse izilembedwa nthawi yomweyo mufoni, kuti ndani, wachita chiyani, liti, m'kalembedwe kamodzi komwe makina alionse angawerenge. Foni izisunga zimenezo mpaka itapeza netiweki. Ena tinkadandaula kuti akutichulukitsira ntchito. Lero ndikuchita nazo manyazi.

Ku mpingo wa CCAP anali a Umanyano, gulu la amayi, ndipo kaundula wake ankasunga ndi iwo.

Matenda a mtima anayamba chaka chatha. Sabata yatha, ali ofooka kale, anabwera kuno chifukwa ophunzira 38 mafoni awo akale ankakanika kutumiza, pomwe kaundula wa masatifiketi amatsekedwa Lachisanu. Anayenda khomo ndi khomo, kukopera zonse mufoni yawo. Lachiwiri anagwa. Anawatengera kuchipatala cha Rumphi, komwe anatisiya Lachitatu. Foni inatsala kuno, yozima. Ife kuofesi tinangoti anthu 38 aja zawavuta.

Lachinayi m'mawa Bambo Harawa anapita nayo foniyo ku boma, komwe kuli netiweki, n'kuiyatsa kuti apezemo manambala a abale. Ine ndinali pa desiki yanga. Ndinangoona maina akutsika pakompyuta, limodzilimodzi, lililonse litalembedwa kuti wotumiza ndi Ida Harawa. Thupi lawo linali kumotchale. Ndinachita mantha, sindikubisirani.

Tinkayembekezera maina 38. Anafika 39. Lomaliza linali la Pamela Nyirenda, amene anatsegula phunziro loyamba Lolemba masana, pafoni ya malemuwa. Anali atamupeza, osauza aliyense. Pamela ali pakati pathu pano, ndipo malo ake pa maphunzirowa tamusungira.

Mayi Harawa asiya amuna awo, Bambo Greyson Harawa; ana atatu, Kezia, Lumbani ndi Isabella; mdzukulu mmodzi; mayi awo owabereka; alongo awo awiri ndi mng'ono wawo mmodzi.

Ntchito yawo anaimaliza, ndipo yalembedwa. Apumule mu mtendere.