Kalata imene inatsitsa a Jethro m'sitima

Malemu Dokotala Eneless Kamwendo, akazi anga, anabadwa pa 9 Juni 1946 ku Libuyu, komboni ya m'tauni muno. Bambo awo, a Aleki Nkhoma, anachokera ku Dedza kudzagwira ntchito ya njanji. Malemu anaphunzira konkuno, kenako ku yunivesite ku Lusaka, kumene anamaliza maphunziro a udokotala mu 1974. Tinakwatirana chaka chomwecho, ine ndili mphunzitsi.

Mu 1978 anayamba kuona anthu ovutika ndi tulo Lachinayi lililonse. Makina analibe. Wodwala ankamuuza kuti abwere ndi mkazi wake kapena mwamuna wake, poti wogona sadzimva. Anzawo ankawaseka kuti ndi dokotala wa alesi.

Mu 1981 kunabwera a Jethro Mudenda, oyendetsa sitima. Mabwana awo ankafuna kuwachotsa ntchito powaganizira mowa, chifukwa ankaodzera masana. Mayi Mudenda anafotokoza kuti amuna awo akagona mpweya umaima mpaka achite kuwagwedeza. Malemu analemba kalata ya mizere iwiri: kuti a Jethro si chidakwa koma akudwala, ndiponso kuti asayendetsenso sitima. A Jethro anapempha kuti mzere wachiwiriwo ufufutidwe. Anabwera kwathu katatu, komaliza ndi abusa. Malemu anakana, nati sitima imanyamula ana a eni. Anayenda okha m'maofesi mpaka a Jethro anapatsidwa ntchito yokonza mainjini, koma ulemu wa oyendetsa sitima unali utapita. Kwa zaka zisanu ndi ziwiri sanatipatsenso moni. Akationa mumsewu wa Mosi-oa-Tunya ankawolokera tsidya lina. Malemu sanadandaulepo pagulu, koma ine ndikudziwa kuti zinkawawawa.

Mu Januwale chaka chino anapezeka ndi khansa ya chiwindi. Anatisiya Lachiwiri pa 14 Novembala 1989. Asiya ine, ana awiri, Febby ndi Samson, ndi mdzukulu mmodzi.

Tikuthokoza anamwino, amayi a mumpingo ndi anansi amene anatisunga miyezi yonseyi. Tikuthokozanso ba Jethro, monga timawatchulira kuno. Mu Ogasiti, miyendo ya malemu itafooka, iwo anafika pakhomo akukankha mpando wa matayala a njinga, wopanga okha. Anakhala pakhonde ola lathunthu, awiriwo akukamba za kutentha ndi kusowa kwa ufa. Za kalata sanazitchule. Malemu anandilamula kuti ndidzawathokoze pamaso pa anthu. Ba Jethro, zikomo.

Mzimu wa mayi Kamwendo uuse mumtendere.